Valavu Yanga Ndi Yachitsulo

Akulu anga okondedwa,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo panu. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija layamba kukulolani kukwera masitepe, kapena mukadakangana nalo? Alamu anga ali bwanji ndi shuga wawo? Nanga ana athu, makamaka wamng'onoyo amene ndinamva kuti wapeza ntchito?

Kuno Mulungu akutisunga. Alamu anu akudandaula za msana monga mwa masiku onse, koma m'mbale sakusiyamo kanthu. Wachisamba wathu walowa chaka chomaliza ku koleji. Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Mwina mukudabwa kuti ndalemba kalata pamene timalankhulana pa foni Lamlungu lililonse. Chifukwa chake n'chakuti pa foni simundilola kumaliza mawu. Mwakhala otero kuyambira tili ana. Ndiye khalani pansi, valani magalasi, muwerenge mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi nkhani yokoma. Lachitatu lapitali ndinalandira kalata yochokera ku kampani ya inshuwalansi. Avomera kuti analakwitsa. Azilipira kuyeza magazi anga moyo wanga wonse, ndiponso andipatsa kamakina koyezera kunyumba.

Ndikudziwa funso lanu: kodi anasiya liti kulipira, nanga bwanji simunamve? Pamenepo ndi pamene pali mlandu wanga.

Mukukumbukira zimene adokotala a mtima anatiuza chaka chatha, opaleshoni itatha, inu mutakhala pa kampando kaja kamene munagonerapo sabata ziwiri. Anati valavu imene andiika mumtima ndi yachitsulo, ndipo ikhoza kukhalitsa kuposa ine mwini. Vuto lake n'lakuti magazi amakonda kuundana pa chitsulo, choncho ndizimwa wafarini tsiku lililonse mpaka kalekale.

Anati mankhwalawo ali ngati mchere mu ndiwo. Akachepa, magazi amaundana ndipo munthu akhoza kuchita sitiroko. Akachuluka, magazi amasungunuka kwambiri, bala laling'ono silisiya kutuluka magazi. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyezetsa kawirikawiri n'kuona nambala imene amaitcha INR. Yanga iyenera kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5.

Inu munalemba manambalawo pa pepala n'kumata pa chitseko cha kabati. Tsiku lonyamuka munandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti sindidzadumpha kuyezetsa ngakhale kamodzi. Ndinalumbira, ndipo panthawiyo ndinkanena ndi mtima wonse.

Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba zonse zinayenda bwino. Mphamvu zinabwerera, kupuma kwa befu kuja kunatha. Valavu imalira kuti thi, thi, thi, moti tikakhala chete pa balaza aliyense amaimva. Alamu anu anandipatsa dzina loti Mayi Wotchi, ati sakufunikanso kugula ya padzanja.

Ndinabwerera ku ntchito yanga yodula nsalu za mayunifolomu. Tebulo lija lalitali likadalipo, choko, tepi, mapatani a makatoni olendewera pa msomali, ndi makina odulira aja amene amalowa m'nsalu makumi atatu zosanjikizana ngati akudula buledi. Mudziwe kuti inshuwalansi yangayo imadzera ku ntchito. Ntchito ikatha, nayo yatha.

Ku chipatala cha magazi ndinkapita Lachiwiri m'mawa. Kumeneko kuli namwino wina wamfupi amene odwala timamutcha Asajeni, chifukwa amatifoletsa pa benchi ngati asilikali. Iwo ndi amene ankandibaya chala, kulemba nambala m'kabuku kanga, n'kundiuza mapiritsi oti ndizimwa.

Lachiwiri lina mwezi wachisanu ndi chiwiri, mtsikana wa pa zenera anayesa khadi langa la inshuwalansi kawiri n'kundibwezera. Anati lakanidwa. Patapita masiku atatu kunabwera kalata yonena kuti nthawi yoyeza magazi imene malamulo awo amalola yatha.

Ndinapita ku ofesi yawo. Ili pa nsanjika yachitatu, ndipo muli mipando ya pulasitiki yolumikizana ndi kamakina kotulutsa manambala a pamzere. Pa desiki yachiwiri pali bambo wina wa taye yofiirira, waulemu kwabasi, amene ndinamutcha a Bwerani-Mawa.

Ulendo woyamba anati kompyuta yagwa. Wachiwiri anati amene amaona nkhani zoterezi ali ku msonkhano. Wachitatu anatembenuza kompyutayo n'kundionetsa mzere wofiira, nati iwo sangachite kanthu, zalembedwa zalembedwa. Ulendo uliwonse ndinkataya theka la tsiku la ntchito.

Nthawi yomweyo ku ntchito kunali manong'onong'o akuti ena achotsedwa. Abwana anali atayamba kale kundiyang'ana ndi diso lina ndikamapempha chilolezo. Ndinaganiza kuti ndikapitiriza kujomba, woyamba kuchotsedwa ndine, ndiye ndidzataya zonse, ndi mankhwala omwe.

Ndinadzilipirira kuyezetsa maulendo awiri. Kenako ndinayamba kudziuza kuti nambala yanga yakhala yabwino miyezi yonseyi, ingasinthe bwanji? Ndinati ndidumpha sabata imodzi yokha. Pakadafunda padajiwitsa galu, akulu anga. Sabata imodziyo inabala anzake mpaka zinakwana khumi ndi imodzi.

Tsopano nali bodza langa. Lamlungu lililonse mukafunsa nambala, ndinkakupatsani yopeka. Lero 2.8, sabata inayo 3.1. Ndinkasinthasintha kuti musakayike. Inu munkati, "Wachita bwino, mng'ono wanga," ndipo ine ndinkangotsitsa foni.

Sindinanamize inu nokha. M'kabuku kaja ndinkalembamo ndekha manambalawo ndi cholembera chakuda, kutsanzira kalembedwe ka Asajeni, kuti alamu anu akatsegula aone zonse zili m'malo. Lachiwiri ndinkanyamuka molawirira ngati ndikupita ku chipatala, n'kukakhala pa benchi ya pa siteji mpaka nthawi yolowa ntchito itakwana.

Mungafunse kuti bwanji sindinakuuzeni. Ndinkadziwa kuti mukangomva mudzasiya zonse, kugulitsa chilichonse, mwinanso kukwera ulendo ndi bondo lanulo. Munali mutandichitira kale zochuluka. Ndinkati ndikukutetezani. Lero ndikuona kuti ndinkangochita manyazi.

Chinandiulula ndi dzino. Linayamba kupweteka Lachisanu, tsaya n'kutupa. Ndinalowa m'sitolo ya mankhwala, anthu ali mbwee, ndipo anandigulitsa mankhwala opha tizilombo ndi ena oletsa ululu. Wogulitsayo sanafunse ngati ndimamwa mankhwala ena, ine sindinanene. Asajeni anali atandichenjeza kambirimbiri kuti mankhwala otero amawonjezera mphamvu ya wafarini, koma dzino likamapweteka mutu sugwira.

Patapita masiku anayi nkhama zinayamba kutuluka magazi ndikamatsuka mano. Pa ntchafu panaoneka mikwingwirima yakuda ngati wina wandimenya. Ndinavala siketi yaitali n'kupita ku ntchito.

Tsiku limenelo tinkadula malaya oyera a sukulu. Sikuti ndinadzicheka ndi makina aakulu aja. Kanali kalumo kakang'ono kodulira ulusi, kanangondikanda apa pamwamba pa chala chachikulu. Bala loti mwana sangalire nalo.

Ndinamanga kansalu, kanadzaza magazi. Ndinamanga kena, chimodzimodzi. Mnzanga wa pa makina a mabatani anandigwira dzanja molimba n'kulikweza m'mwamba kwa mphindi makumi awiri, koma magazi ankangotsika mpaka m'chigongono n'kudonthera pa nsalu zoyera zija. Kenako anayamba kutulukanso m'mphuno.

Abwana anandinyamula okha pa galimoto yawo yonyamulira katundu. Njira yonse ankangoliza hutala.

Ku chipatala nambala inatuluka 8.6. Dokotala wachinyamata amene anaiwerenga anandiyang'ana, n'kuyang'ananso pepala, nandifunsa ngati mutu ukundipweteka. Pambuyo pake ndinamva kuti ankaopa kuti magazi ayamba kutuluka mu ubongo. Mulungu anandichitira chifundo, sizinafike pamenepo.

Anandiimitsa wafarini, nandipatsa vitamini K pang'ono kuti magazi ayambenso kugwirana. Kenako nambala inatsika kupitirira muyezo, ndiye anayamba kundibaya majakisoni a pamimba kuti valavu isatsekeke. Ndinagona masiku asanu. Lamlungu lija ndinakuuzani kuti ndili ndi chimfine ndipo mawu sakutuluka bwino, ndinali pa bedi lachinayi kuchokera pa khomo, diripi ili pa mkono.

Alamu anu anabwera ndi kabuku kaja kudzaonetsa adokotala kuti manambala anali abwino mpaka sabata yatha. Ankakangana nawo ndithu, ati mwina makina awo ndi owonongeka. Ndinaona kuti zafika poipa, ndipo ndinawauza zoona pamaso pa anthu onse.

Alamu anuwo sanakalipe. Anatseka kabukuko, n'kukaika pa kabati ya pambali pa bedi, nati akupita kukagula madzi. Anabwera patatha maola awiri, madziwo alibe, maso ali ofiira. Anangondifunsa funso limodzi, lakuti ndikanafa, iwo akanamuuza chiyani mwana wathu. Ndikanakonda akanandilalatira.

Wachisamba ndiye anandilalatira mokwanira. Anatengera inu mwana ameneyu.

Tsiku lachitatu kunabwera Asajeni. Anali atamva kuti wodwala wawo wagonekedwa. Anatsegula kabukuko, n'kuwerenga masamba anga abodza aja pang'onopang'ono, nati, "Mayi, ine seveni ndimamudula pakati. Mukafuna kundibera kalembedwe, muzibera bwino."

Ndinaseka, kenako ndinalira. Iwo anadikira mpaka nditamaliza, osandisisita, osanditonthoza. Anati anandiimbira kanayi ndipo sindinayankhe, zimene zinali zoona. Kenako anafunsa chifukwa chenicheni chimene ndinasiyira kubwera, ndipo ndinawauza za khadi lokanidwa lija.

Anatuma alamu anu kukatenga kalata ya a inshuwalansi kunyumba. Ataiwerenga, analoza ndi chikhadabo timanambala tina ting'onoting'ono pakona, timene ine ndinkayesa n'tokongoletsera. Anati timeneto ndi chizindikiro cha mtundu wa opaleshoni, ndipo chizindikiro chimene chili pa kalata yanga si changa.

Anandifotokozera kuti mavalavu alipo a mitundu iwiri. Ina amaipanga kuchokera ku nyama, ndipo ambiri amene aikidwa imeneyo amamwa wafarini miyezi yowerengeka n'kusiya. Ina ndi yachitsulo ngati yanga. Wina polemba mu kompyuta anandiika m'gulu la valavu yanyama. N'chifukwa chake miyezi isanu ndi umodzi itatha, a inshuwalansi anati nkhani yanga yatha.

Akulu anga, ndinatsala pang'ono kufa chifukwa cha chala cha munthu chimene chinatsetsereka pa batani limodzi, komanso chifukwa cha pakamwa panga pamene panatsekeka. Zonse ziwiri n'zoona, sindikubisa mbali yanga.

Asajeni anati ndili ndi ufulu wochita apilo, ndipo mapepala andithandiza kusonkhanitsa, koma kokalankhula ndikapite ndekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, anatero.

Pankafunika zinthu zitatu: kalata ya adokotala amene anandichita opaleshoni, chithunzi cha ekisire cha pachifuwa, ndi kakhadi kamene kamabwera ndi valavuyo, kolembedwa mtundu wake ndi nambala yake. Ziwiri zoyambazo tinazipeza m'sabata imodzi. Kakhadiko tinakafuna nyumba yonse, mpaka kutembenuza matiresi.

Kanapezeka m'thumba la m'kati la chikwama changa chakuda, katakutidwa ndi pulasitiki, thumbalo litasokedwa pakamwa ndi ulusi wofiira. Kasokedwe kokhotakhota kameneko ndikanakazindikira ngakhale pakati pa zovala chikwi. Muyenera kuti munandiuza kuti mwakaika mmenemo, ine ndi mankhwala a ululu m'mutu sindinamve. Zikomo, ngakhale kuti kusoka simunaphunzirebe.

Ndinabwerera kwa a Bwerani-Mawa ndi envelopu yanga. Analandira mapepalawo mwaulemu, nati ndibwere mawa kudzamva tsiku la apilo. Ndinawayankha kuti palibe vuto, mawalo ndilidikira pomwepo.

Ndinali nditakonzeka. Ndinakhala pa mpando woyang'anizana ndi desiki yawo, n'kutulutsa masiketi a yunifolomu asanu ndi atatu ofunika kupinda m'munsi, singano ndi ulusi. Ndinayamba kusoka. Akadzutsa mutu, ndinkawamwetulira.

Nthawi ya nkhomaliro anatuluka, atabwera anandipeza ndili pa siketi yachinayi. Mayi wina amene anali pamzere anandifunsa ngati ndingamukonzere zipi. Mlonda anabwera kudzandiuza kuti muno si mosokera, ndipo ndinamuonetsa nambala yanga ya pamzere, n'kumuuza kuti sindinathandizidwe. Anakanda mutu n'kubwerera pa khomo.

Itakwana 3 koloko, a Bwerani-Mawa ananyamuka n'kulowa chitseko cha kumbuyo. Anatuluka ndi pepala lodindidwa, lolembedwa tsiku ndi nthawi. Pondipatsa ananong'ona kuti amayi awo nawonso amamwa mankhwala omwewa. Ndinawathokoza.

Tsiku la apilo alamu anu anavala jekete yawo ija ya pa maukwati, koma anawauza kuti adikire panja. Ndinalowa ndekha m'chipinda chokhala ndi tebulo lalikulu ndi fani ya m'mwamba yolira ngati chigayo. Munali anthu atatu: bambo wachikulire amene ankatsogolera, mnyamata wa kompyuta, ndi mayi wina amene anati ndi dokotala wa kampaniyo.

Wotsogolerayo anayamba ndi kuwerenga malamulo. Wa kompyuta anati zolembedwa zawo zinachokera ku chipatala, ndipo kuti asinthe pafunika kulembera chipatalacho, n'kudikira yankho, zimene zingatenge miyezi itatu. Anati mapepala anga awalandira, koma ayenera kutsimikizira kuti ndi enieni.

Ndinamva mtima ukugunda mwamphamvu, ndipo ukatero valavu imalira kwambiri. Ndinali nditaloweza mawu ambiri usanafike tsikulo, koma onse anathawa. Chimene chinatuluka pakamwa panga chinali chakuti, "Pepani, tazimitsani faniyo."

Anayang'anizana. Wa kompyuta anadzuka n'kuzimitsa, mwina ankaganiza kuti ndikumva kuzizira. Ndinawapempha kuti akhale chete pang'ono. Fani ija inazungulira mozemba mpaka kuima, m'chipindamo munati zii.

Thi, thi, thi, thi.

Wotsogolera uja anayang'ana wotchi ya padzanja lake, kenako anayang'ana pa khoma, pamene panalibe wotchi. Ndinamuuza kuti asavutike kufunafuna, ndine. Ndinati, "Nyama siilira chonchi, bambo. Kompyuta yanu ikuti yanyama. Imeneyi ikuti chiyani?"

Mayi dokotala uja anaseka kaye, kenako anadzigwira pakamwa. Anadzuka n'kuzungulira tebulo, napempha kundigwira pamkono. Anawerenga kugunda kwa mtsempha uku akumvetsera kulirako, n'kuona kuti zikuyendera limodzi. Anakweza ekisire ija pa zenera n'kuonetsa anzakewo kamkombero koyera pakati pa mtima. Anayerekeza nambala ya pa kakhadi munasokera kaja ndi ya m'kalata ya adokotala. Kenako anati palibe chodikira miyezi itatu, mayiyu ali ndi valavu yachitsulo, ndipo sabata iliyonse imene sakuyezedwa moyo wake uli pa ngozi.

Atatero mawu anga anabwerera. Ndinawauza za sabata khumi ndi imodzi zija, za benchi ya pa siteji, za nsalu zoyera, za 8.6. Sindinadziyeretse, ndinanena kuti ndinalakwa kukhala chete. Koma ndinawauzanso kuti ndinakwera masitepe awo katatu konse kudzafunsa, ndipo palibe amene anandifunsa kuti valavu yanga ndi yotani. Funso limodzi lokha likanatha zonse.

Wotsogolerayo anavula magalasi n'kupepesa. Sindinayembekeze kuti ndidzamva kampani ikupepesa ndili moyo. Ndinapemphanso chimene Asajeni anandiuza kuti ndisaiwale, kamakina koyezera kunyumba, ndi kufotokoza kuti ntchito yanga siindilola kujomba kawirikawiri. Dokotala uja analemba yekha pa fomu kuti n'kofunika.

Nditatuluka ndinapeza alamu anu ataimirira pafupi ndi chitseko, khutu lili tcheru. Anati sanamve kanthu kupatula fani itazima, ndipo anaganiza kuti ndakomoka.

Khadi langa analitsegula tsiku lomwelo. Kalata ya Lachitatuyi ndi yongotsimikizira zonse polemba, kuphatikizapo kuti masiku asanu a m'chipatala aja alipira ndi iwo. Ndaijambulitsa katatu.

Inatsala nkhondo ya ku ntchito. Abwana anandiitana mu ofesi yawo nati sangandibwezere pa tebulo lodulira, chifukwa zimene anaona tsiku lija sakufuna kuzionanso. Anati andiika kopinda ndi kulongedza zovala, masiku atatu pa sabata. Ankanena mokoma mtima, koma wa masiku atatu sapatsidwa inshuwalansi.

Kale ndikanati chabwino, n'kukalira kunyumba. Ulendo uno ndinawauza kuti chinandivulaza si tebulo, koma kusayezetsa, ndipo zimenezo zatha. Ndinawaonetsa kalata ya adokotala yonena kuti ndikhoza kugwira ntchito yanga nambala ikakhala m'malo mwake, bola ndizidziteteza. Ndinawaonetsanso chithunzi cha golovesi yolukidwa ndi timawaya tachitsulo, imene odula nsalu m'mafakitale aakulu amavala ku dzanja logwira nsalu.

Ndinawakumbutsa kuti pa sabata zitatu zimene ndinali kunyumba, amene anandigwirizira ntchito anadula manja a malaya makumi anayi onse a mbali imodzi. Sanaseke, koma ndinaona kuti zawalowa.

Anagula magolovesi awiri, ina yanga, ina ya aliyense wogwira makinawo. Ndabwerera pa tebulo langa, masiku onse asanu. Anzanga akuti tsopano ndine chitsulo m'kati ndi kunja komwe.

Kamakina kaja n'kakang'ono ngati foni. Ndimadzibaya chala, kudonthezera magazi pa kapepala kake, ndipo pakatha mphindi imodzi nambala imaoneka. Ndimaijambula n'kutumiza kwa Asajeni, iwo n'kundiyankha za mapiritsi. Pa miyezi itatu iliyonse ndizipitabe ku chipatala kuti ayerekeze ndi makina awo.

Kwa sabata zisanu ndi zinayi tsopano nambala sinatuluke m'malire. Masamba ndikudya monga kale, mlingo wofanana tsiku lililonse, chifukwa anati choopsa si kudya koma kusinthasintha. Alamu anu adzipatsa udindo woyeza ndi kapu, ndipo amaugwira ngati boma lawatuma. M'sitolo ya mankhwala ndikalowa, mawu anga oyamba ndisanapereke moni amakhala akuti ndimamwa wafarini. Dzino lija analizula mwadongosolo, adokotala a mano atayamba alankhulana ndi Asajeni.

Dzulo ndikuweruka, ndinaona basi yanga ikunyamuka ine ndili patali ngati nyumba zisanu. Sindinaganize, ndinangothamanga, chikwama chili m'khwapa, ndipo ndinaipeza. Nditakhala pansi m'pamene ndinazindikira kuti papita zaka zisanu ndi zinayi ndisanathamangepo. Ndinayamba kuseka ndekha mpaka mayi amene ndinakhala naye anasunthira kumapeto kwa mpando.

Tsopano pempho langa. Choyamba, mundikhululukire. Ndinakunamizani maulendo khumi ndi kamodzi, kuwonjezapo la chimfine lija. Inu amene munandisambitsa pamene sindinkatha kukweza mkono simunayenere kulipidwa ndi bodza. Ndikudziwa kuti zikupwetekani, ndipo sindikukupemphani kuti muchite ngati sizinachitike.

Chachiwiri, musatumize kanthu ndipo musakwere ulendo. Chimene ndikufuna kwa inu ndi ntchito. Asajeni anati munthu amene ananamapo ngati ine ayenera kukhala ndi mboni, wina woti aziona nambala ndi maso ake, osati kungouzidwa. Anafunsa ngati ndili ndi munthu amene ndimamuopa pang'ono. Sindinachedwe kuyankha.

Ndiye kuyambira sabata ino, Lachiwiri lililonse loyezera, chithunzi chimene ndizitumiza ku chipatala ndizitumizanso kwa inu. Pa kamakinako pamaoneka tsiku ndi nthawi, sindingabere. Chikapanda kufika pofika masana, imbani. Ndikapanda kuyankha, imbirani alamu anu. Ndikayamba kuzungulira ndi mawu okoma, musandimvere chisoni. Ndakupatsani chilolezo ndi dzanja langa, ndipo kalata ino ndi umboni wanu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nawonso asamazembe kuyezetsa shuga, aphunzirire pa ine. Moni kwa ana onse, auzeni kuti mayi awo aang'ono ali moyo ndipo akuthamangira mabasi. Alamu anu ndi wachisamba akupereka moni. Awerenga kalatayi ndisanaitseke, ndipo wachisambayo akuti ndadzichepetsera mlandu m'malo awiri, adzakuuzani yekha.

Ambuye akusungeni, alimbitse bondo lanu, ndipo atipatse zaka zambiri zoti tizikangana.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
amene tsopano wamva.